DR650 yanga ikuvuta kulira ikatentha, ndipo amakanika akuti titsegule injini

Kanjala650:
Moni nonse akuluakulu a pagulu lino. Ndabwera ndi vuto limene landisowetsa mtendere kwa milungu itatu tsopano, ndipo ndisanatulutse ndalama ndafuna kuti ndimve kaye maganizo anu. Ndili ndi njinga yamoto ya Suzuki DR650SE imene ndinagula chaka chatha kwa mlendo wina amene anachokera nayo ku South Africa, ulendo wake n'kuthera kuno ku Chipata. Ntchito yanga ndi yogula soya ndi mtedza kwa alimi, choncho mlungu uliwonse ndimakhala pa mseu wa ku Chadiza ndi ku Vubwi, ndipo kamodzi pamwezi ndimatsikira kuchigwa, ku Mambwe ndi ku Mfuwe. Panopa yayenda makilomita 52,000.

Kuyambira mu Seputembala njingayi yasintha khalidwe. M'mawa imalira mosavuta kwenikweni, koma ndikayenda ola limodzi n'kuima pa mudzi kuti ndiyeze matumba, poti ndiilizenso imazungulira mpaka batire kufooka. Nthawi zina imazima yokha ndikaima pa mphambano. Kale lita imodzi ya petulo inkandifikitsa makilomita pafupifupi 20, koma tsopano sikupitirira 14, ndipo pa thanki ya malita 13 kusiyana kumeneku n'kwakukulu kwa munthu woyenda kumidzi. Makanika wina wa kuno anaipima mphamvu ya m'silinda, nanena kuti yatsika, choncho akufuna kuboola silinda ndi kuika pisitoni ndi maring'i atsopano. Zipangizozo ziyenera kuchokera ku Lusaka kapena ku Johannesburg, ndipo njinga ikhala mwezi wathunthu ili chigonere. Kodi ndimulole atsegule?

MkuluWaSipanala:
A Kanjala650, musalole kuti bawuti ndi limodzi lomwe la pa silinda limasulidwe musanayankhe mafunso atatu awa. Utsi umene ukutuluka ku ekizozi ndi wakuda kapena wotuwa mobiriwira? Mapulagi anu awiri aja mukawachotsa, ali ndi mwaye wouma kapena anyowa ndi oyilo? Ndipo pa makilomita 1,000 mukuwonjezera oyilo wochuluka bwanji? Maring'i akatha, injini imadya oyilo ndipo utsi wake umanunkha oyilo wopserera. Kumwa petulo mopitirira muyeso ndi nkhani ina, ndipo kawirikawiri imachokera ku kabuleta kapena ku njira ya mpweya.

Pali chinanso chimene amakanika ozolowera njinga zazing'ono sachidziwa. Injini ya silinda imodzi yaikulu chonchi, ya 644 cc, ili ndi kachipangizo pa camshaft (chitsulo chozungulira chimene chimakankha mavavu) kamene kamatsegula pang'ono vavu ya ekizozi pamene sitata ikuzungulitsa injini, kuti sitatayo isalemedwe. Chifukwa cha kachipangizo kameneka, geji yopimira mphamvu ya m'silinda imaonetsa nambala yotsika ngakhale injini ili bwinobwino. Munthu amene wayerekeza nambalayo ndi ya injini yopanda kachipangizoka adzakuuzani kuti silinda yatha pamene sinathe.

Boxer_Kapata:
Akulu, walira mvula walira matope. Boxer yanga, njinga yaing'ono ija, ikadwala m'mawa, masana ndimakhala nditagula chipangizo ku msika wa Kapata ndipo madzulo ndili pa mseu. Gulitsani chinjinga chimenecho mugule ziwiri zazing'ono, ina mupatse mnyamata azikubweretserani ndalama.

Kanjala650:
A Boxer_Kapata, Boxer ndinakhala nayo zaka zinayi ndipo sindiinyoza, koma msana wanga ndi umene ukudziwa kusiyana kwake pa mabampu a ku Vubwi. A MkuluWaSipanala, ndachotsa mapulagi onse awiri madzulo ano. Ali ndi mwaye wakuda wouma umene ukuchoka ndi chala, ndipo palibe kunyowa kulikonse. Mwana wanga anaima kumbuyo pamene ndinkaponda moto, ndipo akuti utsi ndi wakuda. Za oyilo, ndimayang'ana pa kagalasi ka kumbali njinga itaimirira chilili, ndipo kuchokera pamene ndinasintha, makilomita 2,500 apitawo, watsika pang'ono chabe, sanafike n'komwe pa mzere wapansi.

MayiWaAG200:
Ine si makanika, ndine wa zaumoyo, koma ndayenda pa Yamaha AG200 zaka zisanu ndi zinayi m'midzi ya ku Katete, ndipo chimene tinaphunzitsidwa tsiku loyamba n'chakuti njinga ya kumudzi imaphedwa ndi fumbi. Bambo Kanjala650, fyuluta ya mpweya munaitsegula liti nokha ndi manja anu? Sindikufunsa kuti munauza munthu liti kuti aitsuke, koma kuti inuyo munaiona liti. Kuyambira mu Ogasiti mpaka mvula yoyamba, mukayenda kumbuyo kwa lole ya thonje kwa mphindi khumi zokha, siponji ija imakhala ngati yamatidwa ndi dothi. Ikatsekeka, injini imakoka petulo wambiri ndi mpweya wochepa, mapulagi n'kuda monga mwafotokozeramu.

Ine ndili ndi masiponji awiri. Ina imakhala m'njinga, ina imakhala yotsuka kale, yothira oyilo, yokulunga m'pepala la pulasitiki. Ndimatsuka ndi parafini, kenaka ndi sopo ndi madzi ofunda, n'kuiyanika pamthunzi mpaka iume. Ikauma ndimaithira oyilo, n'kuifinya m'manja popanda kuipotokola, chifukwa kupotokola kumang'amba siponji. M'mphepete mmene imakhudzana ndi bokosi ndimapakamo gilizi pang'ono kuti fumbi lisapeze polowera. M'chilimwe ndimachita zimenezi Loweruka lililonse.

Kalulu_KLR:
Musaiwale kuti njingayi inachokera ku South Africa. Ngati mwini wake woyamba ankakhala ku Durban kapena ku Cape Town, majeti, timabowo todutsa petulo m'kabuleta, anaikidwa molingana ndi mpweya wa m'mbali mwa nyanja. Chipata ili pamtunda wopitirira mamita 1,000, kumene mpweya ndi wopepukirapo, choncho petulo amachuluka m'chisakanizo. Mwina n'chifukwa chake mapulagi akuda. Kodi mukatsikira ku Mfuwe, kumene kuli kotsika kwambiri, simuona kuti ikukoka bwinoko?

MkuluWaSipanala:
A Kalulu_KLR, mfundo yanu ndi yoona koma sikugwirizana ndi nkhaniyi. Njingayi yakhala ku Chipata chaka chathunthu ikuyenda makilomita 20 pa lita, ndipo phiri la Kanjala silinakwere msinkhu mu Seputembala. Chimene chasintha chili m'njinga momwemo.

Ine ndikuona matenda awiri osiyana. Mwaye ndi kumwa petulo ndi matenda oyamba. Kuvuta kulira ikatentha ndi kuzima pa mphambano kungachokere komweko, koma kungachokerenso ku mavavu othina, ndipo kuyeza mavavu sikufuna ndalama. Ubwino wa DR650 ndi wakuti mavavu ake anayi amasinthidwa ndi kasikuluwu ndi nati, monga mmene zilili pa njinga zazing'ono. Muchite chonchi. Njinga igone usiku wonse kuti injini izizire kotheratu. Chotsani mpando ndi thanki, tsukani pamwamba pa injini kuti mchenga usagwere mkati, ndipo mutsegule tizivundikiro tiwiri ta pamutu. Kumanzere kwa injini kuli tizitseko tiwiri, kena koonera chizindikiro, kena kolowetsera sipanala yozungulitsira injini. Kachiwirika ndi kofewa kwambiri, choncho sipanala ilowe mpaka pansi musanakoke, apo ayi mudzakadya mano. Chotsani pulagi imodzi kuti injini ipepuke, ndipo muzungulitse mobwerera kumanzere mpaka mzere wa pa chilembo cha T ufike pakati pa kabowo. Gwedezani timikono tokankha mavavu ndi zala. Ngati tonse tili gwa, zungulitsaninso kamodzi kathunthu, chifukwa pisitoni imafika pamwamba kawiri ndipo ife tikufuna ulendo umene mavavu onse atsekeka.

Mpata wa mavavu olowetsa uyenera kukhala pakati pa 0.08 ndi 0.13 mm, ndipo wa mavavu otulutsa pakati pa 0.17 ndi 0.22 mm. Muyeze ndi feeler gauge, tizitsulo topyapyala toyezera mpata, osati ndi lezala kapena ndi khutu monga achitira ena. Chofunika kwambiri n'chakuti mulembe nambala zimene mwapeza musanasinthe chilichonse, chifukwa nambala zimenezo ndi zimene zidzatiuze za umoyo wa injini yanu. Mukamanga nati, gwirani kasikuluwu kuti kasayende, ndipo muyezenso mutamanga.

WaMseuWaMsoro:
Ndiwonjezereko chinthu chimodzi chimene chingayesedwe m'mphindi ziwiri. Kampopi ka petulo ka pa njinga imeneyi kamatsegulidwa ndi mpweya umene injini ikukoka, kudzera m'kapaipi kakang'ono kochokera ku kabuleta. Mkati mwa kampopiko muli kachikopa ka labala, ndipo kakabooka, petulo amadutsa m'kapaipi kaja n'kulowa mu injini osadzera ku majeti. Zulani kapaipiko muone ngati mkati muli monyowa. Onaninso kuti kampopi sikanasiyidwe pa chizindikiro cha PRI m'malo mwa ON, chifukwa pamenepo petulo amangotsika ngakhale injini itazima, ndipo ngati kasingano ka fuloti, kamene kamaimitsa petulo kabuleta ikadzaza, sikakutseka bwino, amasefukira m'silinda mpaka kusakanikirana ndi oyilo. Tsegulani pothirira oyilo mununkhize. Oyilo amene sakutsika nthawi zina amakhala kuti akuwonjezeredwa ndi petulo.

Ine zinandionekera chaka chapitacho pa mseu wochokera ku Katete kudzera ku Msoro. Petulo anandithera ndipo ndinagula wa m'mabotolo pa kagolosale kena. Sindinayende makilomita khumi, njinga inayamba kutsokomola, kenaka petulo n'kumatayika pansi pa kabuleta. Nditamasula kasikuluwu kokhetsera, munatuluka madzi ndi timchenga tofiira, ndipo kamchenga kamodzi ndi kamene kanatsekereza kasingano kuti kasatseke. Kuyambira pamenepo ndinaika kafyuluta koonekera mkati pa paipi ya petulo, ndipo ndimayenda ndi kansalu kosefera.

MlimiWaVubwi:
A WaMseuWaMsoro, tisawanyoze kwambiri anthu ogulitsa petulo wa m'mabotolo, pakuti kwathu kuno popanda iwo njinga zonse zikanakhala m'khonde. Ambiri amagula pa filing'i siteshoni yomweyo imene inu mumagulapo. Vuto limakhala chigubu chimene asungiramo, makamaka chikakhala chakale kapena chikagona panja usiku. Ine ndimakweza botolo kudzuwa ndisanathire, chifukwa madzi amakhala pansi ndipo amaoneka.

WaMseuWaMsoro:
Sindinanyoze munthu, a MlimiWaVubwi, ndipo mpaka lero ndimagulabe kwa iwo. Ndangonena kuti kusefa ndi udindo wa mwini njinga.

GogoWaXT:
Popeza mwatchula za oyilo, ndiloleni ndifunse, ana anga, chifukwa nkhaniyi imandidabwitsa. Ine ndakhala ndi Yamaha XT600 kuyambira ena a inu musanayambe sukulu, ndipo zaka zonsezi ndathiramo oyilo wa 20W-50 yemwe ndimathira m'galimoto yanga yakale. Kilachi sinaterereke ndi tsiku limodzi lomwe. Tsopano anyamata a m'masitolo akundiuza kuti ndizigula wa m'botolo lojambulidwa njinga, wokwera mtengo. Kodi si malonda chabe amenewa? Ndikuchenjezeninso inu a DR kuti musatengere kayezedwe kanu pa XT. Yanga imasunga oyilo m'thanki yakeyake, ndipo ukayeza injini ili yozizira umaona ngati mulibe, n'kuthira wopitirira muyeso. Imafunika kuiliza kaye mphindi zingapo.

Nyakwawa_660:
Agogo, inu ndi anyamata a m'sitolo nonse mukunena zoona, koma aliyense mbali yake. Pa njinga zathuzi oyilo mmodzi yemweyo amasambitsa injini, magiya ndi kilachi. Oyilo wa galimoto zamakono, makamaka wopyapyala uja wa 5W-30 wolembedwa kuti amapulumutsa mafuta, amaikamo mankhwala oterera kwambiri, ndipo mankhwala amenewo ndi amene amachititsa kilachi yonyowa kuterereka. Oyilo wa 20W-50 wachikale kawirikawiri sakhala nawo, n'chifukwa chake inu simunaone vuto. Chithunzi cha njinga pa botolo chilibe ntchito. Chimene munthu ayang'ane ndi zilembo zakuti JASO MA kapena MA2 kumbuyo kwa botolo, zosonyeza kuti oyiloyo ndi woyenera kilachi yonyowa.

Buku la DR650 limatchula 10W-40 ndi kusintha pa makilomita 6,000 aliwonse. Koma injini imeneyi ilibe madzi, imazizira ndi mphepo ndi oyilo yemweyo, ndipo amene anayendapo ku Mfuwe mu Okutobala, kutentha kutafika madigiri 40, akudziwa mmene miyendo imapsera. Kwa munthu woyenda pang'onopang'ono mumchenga atanyamula katundu, ine ndinganene kuti asinthe pa 3,000 kapena 4,000. Malita awiri ndi theka osakwana n'komwe ndi otsika mtengo kuposa camshaft.

Boxer_Kapata:
Oyilo wapadera, mapulagi awiri, ndiponso ndamva kuti ngakhale tcheni chake sichipezeka m'Chipata muno. Ine ndikungowerenga ndalama zanu, akuluakulu.

Kalulu_KLR:
Pa tcheni mwanena zoona, a Boxer_Kapata. Chanu ndi cha saizi ya 428 ndipo chili m'sitolo iliyonse, pamene cha DR650 ndi cha 525, chimene n'chosowa kuno. Ena akafika posintha amagula masipuloketi onse awiri a 520 pamodzi ndi tcheni chake, chifukwa 520 ndi imene ili pa njinga zambiri zamtunduwu, kuphatikizapo Kawasaki KLR yanga. Chimene sindingalangize ndi kuika tcheni chatsopano pa masipuloketi akale okhala ndi mano opindika ngati mbedza, pakuti chidzatha mwezi usanathe. Tcheni chokhala ndi timphira mkati chisatsukidwe ndi petulo, koma ndi parafini, ndipo chisakokedwe kwambiri. Pa DR chiyenera kusewera pakati pa 30 ndi 45 mm. Anyamata a m'mbali mwa mseu amakonda kuchimanga ngati chingwe cha gitala, osadziwa kuti shoko ikaphwa pa bampu tchenicho chimakokeka, n'kuwononga belingi ya m'bokosi la magiya.

Kunena za kusowa kwa zipangizo, amene akupita kutali ayende ndi chubu cha mainchesi 21. Tayala lakutsogolo ndi la 21, lakumbuyo ndi la 17, koma zikavuta chubu cha 21 chimalowa kumbuyo n'kukufikitsa kunyumba ukamayenda pang'onopang'ono, pamene cha 17 sichingalowe kutsogolo. Ine chinandichotsa pakati pa Lundazi ndi Chama. Ndivomerezenso kuti pa mavavu a DR akutiposa, chifukwa ife a KLR timasintha ndi timbale tachitsulo ta makulidwe osiyanasiyana, ndipo kambale kamodzi kakasowa umadikira basi ya ku Lusaka.

MayiWaAG200:
Abambo, matcheni ndi machubu tawamva, koma mwini nkhani sanayankhe funso langa la fyuluta. Bambo Kanjala650, mwapeza chiyani?

Kanjala650:
Pepani kuti ndinakhala chete masiku awiri, ndinkadikira feeler gauge imene ndinabwereka kwa mnzanga wokonza zigayo. Mayi, funso lanu linali lochititsa manyazi chifukwa yankho lake n'lakuti sindinaitsegulepo ndekha kuyambira mu Meyi. Ndinkasiyira mnyamata amene amanditsukira njinga. Nditatsegula ndapeza zosiyana ndi zimene munkayembekezera, koma zoipa kuposa pamenepo. Siponji sinatsekeke ayi, ndi youma ngati chisa cha mbalame, yopanda ndi dontho lomwe la oyilo, ndipo pakona imodzi guluu wake wamatuka. Mnyamatayo wavomera kuti ankaitsuka ndi petulo n'kuibwezera ikangouma, poganiza kuti oyilo ndi litsiro. Sindingamuimbe mlandu, chifukwa sindinamuuzepo. Nditapisa chala m'paipi ya labala yopita ku kabuleta, chala chinatuluka chofiira ndi fumbi la ku Chadiza.

Kapaipi ka kampopi ndi kouma, kampopi kanali pa ON, ndipo oyilo sakununkha petulo. Mavavu otulutsa ndawapeza pa 0.18 ndi 0.19, choncho sindinawakhudze. Olowetsa ndi amene andiopsa, chifukwa ina inali pa 0.04, ndipo inayo ngakhale kachitsulo kopyapyala kwambiri ka 0.03 kanakana kulowa. Ndaika onse awiri pa 0.10, ndamata siponji ndi kuithira oyilo poyembekezera yatsopano, ndipo ndaika mapulagi atsopano. Lero ndapita ku Mwami n'kubwerako, ndinaima katatu, ndipo katatu konse yalira ndikangogusa batani. Sikuzimanso pa mphambano. Koma utsi wakuda ukadalipo ndikaponda moto pakatikati.

MkuluWaSipanala:
Mwachita bwino kulemba nambalazo, koma musasangalale msanga. Vavu yolowetsa simangothina yokha popanda chifukwa. Fumbi limene munalipeza m'paipi lija limadutsa pa mlomo wa vavu nthawi iliyonse imene yatseguka, ndipo limaupala ngati sandipepa. Mlomo ukadyeka, vavu imamira m'mpando wake, mchira wake n'kukwera, mpata n'kuchepa. Injini ikatentha vavu imatalikanso pang'ono, choncho imalephera kutseka, mphamvu ya m'silinda n'kuthawa. Ndicho chifukwa chake inkalira m'mawa n'kukana masana.

Funso tsopano ndi lakuti mlomowo wadyeka mpaka pati. Buku limati mavavu ayezedwe pa makilomita 12,000 aliwonse, koma inu musadikire pamenepo. Yendani makilomita 1,000 ndi fyuluta yabwino, ndipo muyezenso. Mukapeza akadali pa 0.10 kapena pafupi, mwapulumuka. Mukapeza atsikanso kufika pa 0.06 kapena 0.05, ndiye kuti khungu lolimba la pa vavu latha, ndipo kusintha ndi sikuluwu kudzangokhala kuchedwetsa. Pamenepo mutu wa injini uyenera kutsika kuti muike mavavu atsopano ndi kukonza mipando yake, vavu isanaduke n'kugwera pa pisitoni.

Chigwa_Mfuwe:
Ine ndikuona ngati gulu lino lamuweruza msanga makanika uja. Fumbi limene ladya mavavu silinathere pa mavavupo, linalowa m'silinda ndipo linapalanso maring'i. Iye anapima n'kupeza mphamvu yotsika, ndipo tsopano tadziwa kuti inalidi yotsika chifukwa vavu sinkatseka. Analakwitsa malo a bala, koma sananame kuti wodwala akudwala. A Kanjala650 adzamufunabe munthu ameneyu tsiku lotsitsa mutu wa injini, choncho asapite kukamunyoza ndi zimene awerenga pano. Ndinganene kuti abwerere akapimenso tsopano mavavu atakonzedwa, n'kusunga nambalayo kuti adzayerekeze nayo m'tsogolo.

MkuluWaSipanala:
Pa kupimanso ndikugwirizana nanu. Chimene sindingavomereze ndi kuitanitsa pisitoni kuchokera ku Johannesburg munthu asanatsegule bokosi la fyuluta limene lili ndi tisikuluwu tochepa chabe. Maring'i adzadziulula okha mwa kudya oyilo, ndipo pakadali pano sakudya.

WaMseuWaMsoro:
Tibwerere ku utsi wakuda. Mwanena kuti umatuluka mukaponda moto pakatikati, ndipo pamenepo ndi pamene singano ya kabuleta imalamulira. Kabuleta ya njingayi ndi Mikuni BST40, ndipo mkati mwake muli chitseko chimene chimakwera ndi kutsika, chitanyamula singano yaitali yolowa m'kachubu ka mkuwa. Injini ya silinda imodzi imakoka mpweya modukizadukiza, choncho chitsekocho chimanjenjemera nthawi zonse, ndipo singano imakhuzana ndi kachubu. Pa makilomita ambiri, makamaka fumbi likalowererapo, singano imadyeka ndipo bowo la kachubu limasiya kukhala lozungulira n'kukhala ngati dzira. Petulo amadutsa wambiri, ndipo palibe sikuluwu imene mungatembenuze kuti vutolo lithe.

Tsegulani chivundikiro cha pamwamba mosamala kuti sipuling'i isathawe ndiponso kamphira kakang'ono kozungulira kamene kali pamenepo kasatayike. Unikani labala yaikulu padzuwa kuti muone ngati ilibe bowo. Yendetsani chikhadabo pa singano, ndipo mukamva pokodola, yatha. Mukamagula, gulani singano ndi kachubu pamodzi. Tengerani mwayi womwewo kuona fuloti ndi timphira take, chifukwa tikauma timadutsitsa petulo.

Kanjala650:
Ndabweranso patapita milungu iwiri. A WaMseuWaMsoro, zinali monga munanenera. Singano inali ndi pokodola poonekera ngakhale ndi maso, ndipo bowo la kachubu linali lotalika mbali imodzi. Mlamu wanga amene amayendetsa malole a ku South Africa wandibweretsera singano, kachubu, timphira tonse ta kabuleta ndi masiponji awiri, zonse m'kathumba kamene kanakwana m'thumba la jekete. Ndinamanga Loweruka, ndipo Lolemba ndinapita ku Katete n'kubwerako, ulendo wa makilomita pafupifupi 170 pa phula. Ndinadzaza thanki ponyamuka ndi pofika, ndipo yamwa malita osakwana 9. Utsi wakuda watha, ndipo mapulagi asanduka ofiirira ngati khofi wothira mkaka.

A Chigwa_Mfuwe, ndinatsatira malangizo anu ndipo ndinabwerera kwa makanika uja mwaulemu. Atapimanso, geji inakwera kuposa poyamba, ndipo iye mwini anapempha kuti ndimulembere miyeso ya mavavu. Nambalayo ndailemba m'kabuku pamodzi ndi tsiku ndi makilomita. Mnyamata wotsuka uja ndamuphunzitsa kuthira oyilo pa siponji, koma bokosi ndizitseka ndekha.

GogoWaXT:
Mwachira m'nthawi yake, mwana wanga, chifukwa mitambo yayamba kusonkhana ndipo mdani asintha. Fumbi likatha kumabwera dothi lakuda la kuchigwa lija, lomata ngati ulimbo. Limadzaza pakati pa zipsepse za injini ndi pa kachipangizo koziziritsa oyilo, kenaka limauma, injini n'kumaphika ngati ili mu uvuni. Muzilichotsa ndi kamtengo ndi madzi tsiku lomwelo, koma osalozetsa madzi a mphamvu pa mabelingi a mawilo. Mukatitimira, tsikani mukankhe kapena muitane anthu, musalimbane ndi matope pogwiritsa ntchito kilachi, chifukwa ndaonapo kilachi ikupsa pa mtunda wosakwana bwalo la mpira. Ndipo ikadzagwera m'madzi powoloka mitsinje ngati Lupande kapena Lutembwe, musaguse batani. Madzi sapanikizika ngati mpweya, ndipo adzapinda ndodo ya pisitoni. Chotsani mapulagi, khetsani bokosi la fyuluta ndi kabuleta, zungulitsani injini kuti ilavule madzi, ndipo oyilo akaoneka ngati mkaka musinthe musanapite patali.

Boxer_Kapata:
Ndavomera kuti yachira ndi kathumba kamodzi, koma pakanapanda mlamu wa malole mukanakhala mukuyendabe pansi. Tsiku loyezanso mavavu mundiitane ndidzaonerere, chifukwa nayonso Boxer yanga yayamba kuvuta ikatentha.

Kanjala650:
Bwerani ndithu, a Boxer_Kapata, ndipo mubwere nayo madzulo a dzulo lake kuti igone kwathu izizire, tidzayeze zonse ziwiri m'mawa. Chichokereni pamene ndinaika mavavu pa 0.10 ndayenda makilomita 640, choncho kwatsala 360, amene ndi maulendo awiri a ku Vubwi ndi umodzi wa ku Chadiza. A MkuluWaSipanala, ndikapeza vavu imodzi yokha yatsika pamene inzake ili pomwepo, kodi ndisinthe imodziyo kapena zonse ziwiri? Ndikufunsiratu chifukwa mlamu wanga anyamukanso pa 20 mwezi uno, ndipo ndikufuna kumupatsa mndandanda asanawoloke malire.